Mwangofika kumene ku UK? Tikambirane za apolisi zisanakugwereni

Abale anga amene mwangotsika ndege miyezi yapitayi, makamaka inu a ntchito za care ndi ana asukulu, takulandirani. Ndikudziwa kuti mitu yanu panopa yadzadza ndi za renti, mashifiti, kuzizira ndi mameseji akumudzi opempha kangachepe, nde nkhani ya apolisi mwina mukuiona ngati ya anthu ena. Inenso ndinkatero. Ndinabwera kuno mu 2005, ndagwira care zaka zonsezi, ana anga awiri akulira konkuno, ndipo zaka khumi zoyambirira ndikamva anthu akudandaula za apolisi ndinkangoti mumtima awa ndi aja osamva, ine ndimapita kutchalitchi, mapepala anga ali bwinobwino, wapolisi angandifune chani.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ija kumada 4 koloko, mnyamata wanga yemwe nthawi imeneyo anali ndi zaka 15 anachedwa kuchokera kusukulu. Atalowa sanapereke moni, anangokhala pansi penipeni kukhitchini atatsamira filiji, yunifolomu ili m'thupi, matumba a thalauza atatulukira panja. Nditamugwira dzanja ndinaona mizere m'mikono momwe munadutsa unyolo. Anamuimitsa pa siteji ya basi iye ndi mnzake, akuti akufanana ndi anyamata ena omwe aba foni, anamumanga unyolo anthu akuonerera, kumupisa m'matumba, kukhuthula chikwama cha mabuku pansi ponyowa, sanapeze kanthu nkumuuza kuti azipita. Ndipo mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti, iwe unatani, unawayankha mwano eti? Anandiyang'ana nthawi yaitali nkungoti amama, ine ndinangoima. Nsima sanadye tsiku limenelo. Mpaka lero funso langa lija limandiwawa kuposa unyolowo, chifukwa mwana anathamangira kunyumba kufuna mayi ake koma anapeza wina womuzenganso mlandu.

Amene ananditsegula m'maso ndi mayi wina wachikulire wa ku Jamaica yemwe tinkagwira naye naiti. Ndinamufotokozera tili m'kachipinda kopumira cha m'ma 3 koloko usiku, iye sanadabwe olo pang'ono, anangoti mchimwene wake zinamuchitikira m'ma 1970, mwana wake zinamuchitikira, mdzukulu wakenso sabata zapitazo. Anandiuza za lamulo lomwe ankalitcha sus, lochokera mu Vagrancy Act ya 1824, lomwe linkalola wapolisi kukumanga chifukwa chongokuganizira kuti mwina ukufuna kupalamula. Nditamva ndinati koma iyi si vakabu iyi? Ndipo ndi zoona, vakabu yathu ija ya anthu ogwidwa usiku nkuwakweza pa Land Cruiser inachokera ku malamulo omwewa, atsamunda anatisiyira mu Penal Code, ndipo kwathu khoti lalikulu linachita kuthetsa ndime imodzi ya lamulo la vakabu mu Januwale 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo wa ku Blantyre yemwe anamangidwa m'bandakucha akupita kugeni yake. Kwathu vakabu inkagwira wosauka, kuno sus inkagwira wakuda. Inathetsedwa mu 1981, chaka chomwe ku Brixton kunabuka zipolowe apolisi atasecha anthu 943 m'masiku ochepa chabe pa ntchito yomwe anaitcha Swamp 81. Lamulo linatha koma chizolowezi cha maso sichinathe.

Dzina lomwe muyenera kulidziwa ndi la Stephen Lawrence. Mnyamata wa zaka 18, ankafuna kudzakhala wojambula mapulani a nyumba, anabayidwa ndi gulu la anyamata achizungu pa 22 Epulo 1993 akudikira basi ku Eltham ku London. Anthu anapereka mayina a oganiziridwa m'masiku oyambirira omwe koma apolisi anazengereza, mnzake yemwe anali naye pamalopo anamutenga ngati wokayikitsa m'malo mwa mboni, ndipo makolo ake Doreen ndi Neville anamenya nkhondo zaka ndi zaka mpaka anthu awiri anapezeka olakwa mu Januwale 2012, patatha zaka pafupifupi 19. Kafukufuku wa jaji Macpherson mu 1999 ndi amene ananena poyera kuti polisi ya London ili ndi institutional racism. Mawu amenewa mudzawamva kwambiri nde ndiwamasulire momwe ndimawamvera ine. Sakutanthauza kuti wapolisi aliyense ndi woipa mtima ayi, ine ndakumanapo ndi apolisi aulemu omwe anandithandiza galimoto itandifera pamsewu usiku. Akutanthauza kuti tsankho linalowerera m'kagwiridwe ka ntchito, ndani akuimitsidwa, ndani akukhulupiriridwa akadandaula, ndani akumangidwa unyolo asanalankhule, mwana wa ndani akuonedwa ngati mwana ndipo wa ndani akuonedwa ngati chigawenga, moti olo wapolisi wabwino akalowa m'menemo amayenda m'njira yomwe inapondedwa kale. Patatha zaka 24, mu Malichi 2023, Baroness Casey anafufuzanso polisi yomweyo nkupeza zomwezo, tsankho la khungu, kunyoza akazi, zonse, ndipo mkulu wa polisiyo Mark Rowley anavomera zambiri koma anakana liwu loti institutional. Ku Scotland mkulu wa polisi Iain Livingstone anavomera yekha mu Meyi chaka chomwecho. Nde si nkhani ya m'maluwa iyi, ndi eni ake omwe akulemba.

Ziwerengero za boma zimaonetsa kuti ku England ndi Wales munthu wakuda amasechedwa pafupifupi kanayi kuposa mzungu, ndipo nthawi zambiri sapeza kanthu. Akuda ndife 4 peresenti ya anthu onse koma m'ndende tilimo kuposa 10 peresenti. Ndipo musaganize kuti zimagwera anyamata ovala mahudi okha. Bianca Williams ndi wothamanga woimira Britain, mu Julaye 2020 anamutulutsa m'galimoto ku Maida Vale iye ndi bambo wa mwana wake nkuwamanga unyolo khanda la miyezi itatu lili kumpando wakumbuyo. Koma yomwe imandisowetsa tulo ndi ya mtsikana yemwe amangotchedwa Child Q, wa zaka 15, ku Hackney mu Disembala 2020. Aphunzitsi anati akununkha chamba, anaitana apolisi, anamuvula zovala zonse pasukulu pompo ali kumwezi, popanda mayi ake kudziwa, popanda wamkulu womuimira m'chipindamo, ndipo sanapeze kalikonse. Lipoti la 2022 linati khungu lake liyenera kuti linathandizira kuti achitidwe zimenezo. Inu amene mukubweretsa ana anu aakazi chaka chino, imeneyi muisunge.

Tsopano zoti muchite. Ndikamba za England ndi Wales, ku Scotland malamulo amasiyanako nde amene muli ku Glasgow ndi Edinburgh mufunsenso konko.

Choyamba ndi ulemu wathu uja. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi, uzivomera kuti eya bwana olo usanamvetse, uzipepesa kaye nkhani isanayambe. Kuno kuyang'ana pansi amakuona ngati ukubisa china chake, ndipo sorry wako uja wongofuna kuziziritsa zinthu akhoza kulembedwa ngati wavomera. Yang'anani munthuyo kumaso, manja aoneke, musapise m'thumba kapena m'chikwama musananene kuti mukutenga chani, musathawe olo mantha akugwireni bwanji, lankhulani pang'onopang'ono. Ndipo chonde chonde, za ya fanta zija zinatsala pa rodibuloko ya kwathu, kuno kungoyerekeza kutulutsa ndalama mwadzipangira mlandu wa ziphuphu pomwe panalibe mlandu.

Akakuimitsani pamsewu funsani modekha, am I being detained, kutanthauza kuti kodi mwandigwira? Akati ayi mukhoza kupita. Akati akufuna kukusechani, lamulo la PACE la 1984 limati akuuzeni dzina lawo ndi siteshoni yomwe achokera, chomwe akufuna kupeza, chifukwa chomwe akukuganizirani inuyo, lamulo lomwe akugwiritsa ntchito, komanso kuti muli ndi ufulu wolandira kapepala ka umboni woti mwasechedwa. Khungu lanu kapena dera lomwe mukukhala si chifukwa chovomerezeka. Pali lamulo lina lotchedwa section 60 lomwe limawalola kusecha aliyense m'dera linalake kwa maola angapo popanda kumuganizira kanthu, nde akanena limenelo musalimbane nawo, koma kapepala kaja katengeni ndithu. Pagulu akhoza kukuvulani jekete, khoti ndi magolovesi basi, zoposa apo ziyenera kuchitikira pobisika ndipo wosecha akhale mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi. Pongosechedwa simukakamizidwa kupereka dzina ndi adilesi, ngakhale ine ndimati muone mmene zinthu zilili. Kujambula apolisi pa foni pamalo a aliyense sikolakwa bola musawatchinge. Tsiku lija mwana wanga sanatenge kapepala, sanaone nambala ya paphewa, analibe chilichonse, ndipo ine sindinkadziwa kuti kapepalako ukhoza kukakatenga pasanathe miyezi itatu. Pamsewu musamakangane, mlandu suwinidwa pa siteji ya basi. Sungani nthawi, malo, nambala ya wapolisi ndi ya galimoto, mukafika kunyumba lembani zonse mutu usanaiwale, kenako dandaulo limapita ku polisi komweko kapena kudzera ku IOPC, bungwe loima palokha loona madandaulo okhudza apolisi, ndipo ndi bwino lipite chaka chisanathe.

Galimoto ndi nkhani ina. Wapolisi akhoza kuimitsa galimoto iliyonse popanda chifukwa, ndipo apa dzina ndi layisensi muyenera kupereka. Layisensi ya kwathu imagwira miyezi 12 yokha kuchokera pomwe mwayamba kukhala kuno, ndipo inshuwalansi imatsata munthu woyendetsa, nde zobwerekana galimoto kuti ndingothamangira kashifiti kamodzi zapweteketsa anthu ambiri, galimoto imalandidwa pompo, mapointi 6 a chilango pa layisensi ndi chindapusa. Inu oyenda khomo ndi khomo muonetsetse kuti inshuwalansi yanu ikulola kuyendera ntchito. Kampeni kosendera mango kaja kasiyeni kukhitchini, mpeni m'thumba kapena m'galimoto popanda chifukwa chomveka ndi mlandu wofika zaka 4. Sindikunena izi kuti ukakhala wosamala sakuimitsa ayi, mwana wanga analibe chilichonse, koma poti tikudziwa kuti amatiimitsa kawirikawiri, asapeze pogwira.

Pomwe ndikufuna mukhazikike mtima nkumvetsera ndi ku siteshoni. Mukamangidwa muli ndi ufulu wa loya waulere, amamutcha duty solicitor, usana kapena usiku, ndipo sizitengera kuti viza yanu ndi yotani. Muli ndi ufulu woti munthu mmodzi auzidwe komwe muli, ufulu wa dokotala, ufulu wa womasulira, komanso ofesi ya kazembe wathu ku London ikhoza kudziwitsidwa mukafuna. Akhoza kukusungani maola 24 asanakutsegulireni mlandu, milandu yaikulu amaonjezera. Mwana wosakwana zaka 18 safunsidwa popanda wamkulu womuimira. Ndipo akakuimbirani foni mwaulemu kuti tangobwerani tidzacheze pa voluntary interview, kumeneko si kucheza, zonse zikujambulidwa ndipo loya waulere ndi ufulu wanu chimodzimodzi. Womasulira musamuchitire manyazi, Chingerezi cha kusukulu ndi Chingerezi cha mlandu ndi zinthu ziwiri, munthu ukachita mantha mawu amathawa.

Zaka zingapo zapitazo foni inalira cha m'ma 11 usiku, mtsikana akulira kuti amuna ake atengedwa. Mnyamatayo anali ndi miyezi isanu ndi iwiri kuno, ankagwira care, anakankhana ndi munthu wina wokhala naye nyumba imodzi pa nkhani ya magetsi, winayo ndi amene anayamba koma yemweyonso ndi amene anaimba 999, nambala ya zadzidzidzi, ndipo Chingerezi chake chinali chakuno. Ndinapita ndi bambo wina wa mumpingo mwathu, tinakhala pa mipando ya pulasitiki yokhomerera pansi ija mpaka m'mawa, mtsikanayo atafunda chitenje pamwamba pa jekete, mwana ali kumsana. Uthenga wokha womwe tinakwanitsa kulowetsa unali woti asayankhe kanthu loya asanafike. Atatuluka anatiuza kuti iye anali atakana kale loya, poti ankaopa kuti adzalipira komanso ankaganiza kuti kufuna loya nkuvomera kuti walakwa, ndipo anamva kuti akangovomera alandira caution nkupita kunyumba kukagona. Caution imamveka ngati kachenjezo chabe koma kuti uilandire umayenera kuvomera mlandu, imalowa m'kaundula, ikhoza kutuluka pa DBS, kafukufuku wa mbiri ya milandu yemwe olemba ntchito amachita, ndipo ya kumenya munthu pa ntchito ya care ndiye kuti ntchito ili pachiswe, ntchito ikatha sponsa wapita, sponsa akapita viza yapita. Loya atafika anapempha kuti amve kaye mboni ina ya m'nyumbamo ndipo nkhani inathera pomwepo popanda mlandu. Akanasaina usiku umenewo kuti akagone msanga bwenzi pano tikukamba zina. Musasaine chinthu chifukwa mwatopa.

Komanso dziwani kuti munthu yemwe si nzika akalamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposa, lamulo la 2007 limati adipotedwe, olo anabwera ali wakhanda. Nde ana anu mukangopeza mpata alembetseni unzika, musadikire, kubadwira kuno pakokha sikumupanga mwana kukhala nzika ngati makolo analibe chilolezo chokhazikika. Kuno mwana amazengedwa mlandu kuyambira zaka 10, ku Scotland 12. Ndipo pali chinthu chotchedwa joint enterprise, choti gulu lonse likhoza kumangidwa pa mlandu womwe wapalamula mmodzi ngati akuti ena anathandizira kapena kulimbikitsa. Khoti lalikulu kwambiri linanena mu 2016 kuti lamuloli lakhala likutanthauziridwa molakwika kwa zaka 30, koma likugwirabe ntchito ndipo anyamata akuda ndi omwe limawakola kwambiri, pena umboni wake nkukhala mameseji a m'gulupu, nyimbo zomwe amamvera, zithunzi za pa foni. Polisi ya London inali ndi kaundula wa omwe inkawatcha a magulu achiwembu, Gangs Matrix, Amnesty itafufuza mu 2018 inapeza kuti 78 peresenti anali akuda ndipo ena mwa iwo analibe mbiri ya chiwawa, apolisi anachita kumuthetsa mu 2024. Khalani pansi ndi ana anu muwauze zimenezi mwachikondi, osati mowaopseza. David Lammy, phungu wa nyumba ya malamulo, anafufuza za makhoti mu 2017 ndipo chimodzi chomwe anapeza nchoti akuda ambiri sakhulupirira olo loya wawo yemwe, nde amakana malangizo ndipo mapeto ake amalandira zilango zotalika. Nchifukwa chake loya wodalirika tiyenera kumudziwa kusanade.

Nkhani ya matenda a maganizo timaibisa kwambiri ife, koma kuno ndi imodzi mwa njira zomwe anthu athu amafera m'manja mwa apolisi. Sean Rigg anafera ku siteshoni ya Brixton mu 2008 akudwala. Olaseni Lewis wa zaka 23 anapita yekha kuchipatala kukafuna thandizo mu 2010, anapanikizidwa pansi ndi apolisi 11 ndipo sanadzukenso, mayi ake anamenya nkhondo mpaka kunabwera lamulo lotchedwa Seni's Law mu 2018. Nde m'bale akayamba kusagona, kulankhula yekha, kuopa anthu, musadikire kuti zifike pophwanya zinthu. Pemphero lipitirire koma mupite nayenso kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, kapena imbani 111, nambala ya zaumoyo, nkusankha za mental health. Zikafika poopsa moyo imbani 999 ndithu, koma nenani momveka kuti munthuyu akudwala, ndipo wina wa ife akhalepo pamalopo osachoka.

Apa nde pafika chomwe ndalembera zonsezi. Ife Amalawi kuno timagwirizana kwambiri pa maliro, uthenga ukangoponyedwa pa WhatsApp masiku atatu ndalama zotumizira thupi kumudzi zakwana, ndipo ndimanyadira zimenezo. Koma mwana wamoyo akakhala m'chitokosi timangonong'onezana, mayi ake amasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha manyazi, ena nkumati analephera kulera. Anzathu a ku Caribbean, omwe ambiri aife tikangofika timawaona ngati ovuta, ndi amene anatilambulira njira yomwe tikuyendamoyi. Ana awo atatayidwa m'masukulu a ana osaphunzitsika m'ma 1960 ndi 1970 anayambitsa masukulu a Loweruka m'mahola a tchalitchi ndi ndalama zawo. Achinyamata 13 atafa pa moto wa ku New Cross mu 1981 boma lili chete, anthu pafupifupi 20,000 anayenda m'misewu ya London. INQUEST, yomwe imathandiza mabanja a omwe afera m'manja mwa boma, inayamba chaka chomwecho. Mabanja amenewa amayenda Okutobala aliyense kuchokera ku Trafalgar Square kupita ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu, pansi pa United Families and Friends Campaign. Kuli StopWatch ya nkhani zosecha, kuli JENGbA ya mabanja a omangidwa pa joint enterprise, kuli ma Law Centre ndi Citizens Advice opereka malangizo omwe salipiritsa. Wapolisi akamaimitsa mnyamata samufunsa kuti ndiwe wa ku Kingston kapena wa ku Kasungu, nde tisadzipatule.

Ndipo njira zina zosadalira unyolo zinaonetsa kale kuti zimagwira. Glasgow inkatchuka ndi kubayana kuposa mizinda yambiri ku Ulaya, ndipo ambiri obayanawo anali azungu okhaokha. Mu 2005 anayambitsa Violence Reduction Unit, ndinene chilungamo kuti anayambitsa ndi apolisi omwe, koma anavomera kuti kumanga kokha kwalephera, anayamba kuona chiwawa ngati mliri, anaitana madokotala, aphunzitsi, amayi omwe ana awo anaphedwa, anthu omwe anatuluka kundende, anayamba kupezera anyamata ntchito ndi maphunziro, masukulu anachepetsa kuchotsa ana, ndipo kuphana ku Scotland kunatsika ndi theka. Pomwe ku England kuyambira 2010 ndalama za malo osonkhanira achinyamata zinadulidwa pafupifupi 70 peresenti malinga ndi bungwe la achinyamata la YMCA, makalabu kutsekedwa, ana kusowa kopita akaweruka, kenako nkuwapeza pakona nkuwasecha. Ine ndikamva za restorative justice, yoti wolakwa ndi wolakwiridwa akhale pansi pamaso pa mkhalapakati, ndimakumbuka bwalo la amfumu pansi pa mtengo, mbuzi yadya chimanga cha mwini, nkhani imakambidwa, wolakwa amalipira, mawa anthu akupatsananso moto. Sitinabwere chimanjamanja, nzeru imeneyi tinabwera nayo.

M'tauni yathu ino tinayamba pang'ono, sitinalembetse bungwe lililonse. Tili ndi gulupu ya makolo, muli anthu anayi omwe anavomera kuti foni zawo sizizimitsidwa usiku ndipo timasinthana malinga ndi mashifiti. Tili ndi manambala a maloya awiri a milandu ndi mmodzi wa za imigireshoni, chifukwa loya wa ku siteshoni nthawi zina sadziwa kuti chomwe akukulangiza chikhudza bwanji viza yako, nde umayenera kumuuza wekha kuti ndili pa viza. Timasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi ngati chipereganyu. Loweruka masana ana amabwera kuholo, masamu, Chichewa pang'ono, mpira, mandasi, ndipo kamodzi pakanthawi timachita sewero loti wina ndi wapolisi wina waimitsidwa kuti pakamwa pazolowere mawu aja. Mwana akaitanidwa kusukulu pa nkhani yoti achotsedwe kholo silipita lokha, chifukwa ana ambiri omwe amathera m'manja mwa apolisi ulendo wawo umayambira pochotsedwa sukulu. Anthu okhala nyumba imodzi akayambana za mabilu kapena ngongole timatumiza akuluakulu awiri zisanafike pa 999. Amene mwakhalitsa, m'madera ambiri muli timagulu ta anthu wamba toonera mavidiyo a makamera a pachifuwa pa apolisi nkunena ngati kusecha kunali koyenera, kulinso ma Independent Custody Visitor omwe amalowa m'maselo mosachenjeza kukaona mmene anthu akusungidwira, ndipo ma magistrate ambiri kuno ndi anthu wamba ongodzipereka. Mipando imeneyi nthawi zambiri mumakhala azungu opuma pantchito okhaokha chifukwa ife timati tilibe nthawi. A care lowani yuniyoni, UNISON kapena GMB, tsiku lomwe wachibale wa gogo yemwe mukumusamala adzanene kuti mphete yasowa mudzafuna munthu wokhala pambali panu.

Koma pali malire ndipo apa sindinyengerera. Mwamuna akamamenya mkazi, mwana akagwiriridwa, imeneyo si nkhani ya ankhoswe kapena abusa okha, ndipo amene angakuuzeni kuti musachititse manyazi mtundu akuteteza womenyayo. Ndikudziwa mantha ake, makamaka mkazi yemwe viza yake yamangiriridwa kwa mwamunayo, komanso ndi zoona kuti apolisi akhala akupereka mbiri za anthu ku Home Office, unduna woona za maviza, mpaka mabungwe a Liberty ndi Southall Black Sisters anakadandaula mu 2018. Nchifukwa chake mungayambe kuimbira mabungwe a amayi ngati Southall Black Sisters omwewo kapena nambala yaulere ya 0808 2000 247, akuuzeni njira zomwe zilipo, koma moyo ukakhala pachiswe ndi 999 basi. Ndipo zathu zija zogwira wakuba nkumuthira makofi gulu lonse si njira ya m'mudzi yomwe ndikunena, kwathu komwe yapha anthu osalakwa. Za kukwapula ana nazonso, ku Scotland ndi Wales ndi mlandu olo kambama kamodzi, ku England ukasiya chipsera kapena kugwiritsa lamba mawa lake a social services ali pakhomo, ndipo mwana akakanena kusukulu aphunzitsi amakakamizidwa kupititsa nkhaniyo patsogolo.

Mnyamata wanga uja pano ndi bambo wandevu, amagwira ntchito, wasechedwanso kangapo kuchokera tsiku lija ndipo timapepala tonse amatisunga mu envelopu m'dirowa. Ndinamupepesa patapita zaka, tili m'galimoto, sanayankhe zambiri anangondigwira dzanja. Ndi iye amene amakhala wapolisi pa sewero la Loweruka lija. Mwezi watha kamnyamata ka zaka 12 kongofika kumene kuchokera ku Area 25 kanayang'ana pansi nkuyamba kupepesa asanakafunse kanthu, iye anagwada kuti alingane nako msinkhu nkukauza kuti dzutsa mutu aise, sunalakwe, tiyambirenso.

Usiku uno musanagone tengani kapepala mulembepo manambala awiri a anthu omwe angadzuke 2 koloko usiku chifukwa cha inu, muike m'chikwama chanu ndi m'thumba la jekete la mwana aliyense, chifukwa ku siteshoni foni amalanda ndipo ambiri aife nambala ya mkazi wathu kapena mwamuna wathu sitiidziwa pamtima. Amene mulibe munthu woti mumulembe poti mwangofika, Lamlungu likubwerali mukaweruka mapemphero musathamangire basi, imani pakhomo mutipeze, tikupatsani athu.